Momwe mungajambulire mapiri, mitambo ndi nyumba zazitali za ku Joni ndi foni yomwe muli nayoyo

Ambiri a ife tili kuno ku Joni timauona mzindawu pazenera la takisi, m'mawa tikuthamangira ku ntchito, madzulo titatheratu. Zithunzi zimene timatumiza kumudzi n'zodziwikiratu: taima pambali pa galimoto, kapena tili m'sitolo yaikulu titatchena. Inenso ndinkatero, mpaka tsiku lina mayi anga atandifunsa pafoni ngati kuno kulibe mapiri ndi mitengo, poti iwo amangoona makoma okhaokha. Funso limenelo ndi limene linandiyambitsa kudzuka m'bandakucha n'kumakayang'ana dziko lino ndi maso ena. Kamera yeniyeni ndinagula mochedwa kwambiri, ndipo zonse zimene ndalemba apazi zimatheka ndi foni.

Yambani ndi dzuwa, malo abwere pambuyo

Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pamwamba kuposa tauni ya Dedza. Dzuwa la masana kuno ndi laukali, limayeretsa thambo n'kudetsa mithunzi. Ulendo wanga woyamba ndinafika pamalo 10 koloko itakwana, ndipo ndinabwerako ndi zithunzi zotuwa ngati phulusa. Nthawi yabwino ndi pamene dzuwa langotuluka kumene, kapena litapendeka kufuna kulowa. Mu Juni limatuluka chakuma 7 koloko n'kulowa 5:30 isanakwane. Mu Disembala limatuluka 5 koloko itangodutsa, n'kulowa chakuma 7 madzulo. Fikani kudakali theka la ola, chifukwa kufiira kwa kum'mawa sikudikira munthu.

Nyengo nazo zili ndi nkhope zake. M'chisanu udzu umauma n'kufiirira, utsi wa malasha ndi wa moto wolusa umatsalira m'munsi, ndipo dzuwa limalowa lili psuu ngati nkhuni yoyaka. Koma ine mtima wanga uli pa dzinja. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi, mitambo imaunjikana masana, kenako bingu, mvula ya mkokomo, nthawi zina ndi matalala omwe, kenaka zii. Mphindi zimene mvula yangokata ndiye golide weniweni wa mzinda uno: fumbi latsukika, msewu ukunyezimira, dzuwa likusuzumira pansi pa mtambo wakuda. Ziphaliwali zijambuleni muli m'nyumba, pazenera. Musakaime pamwamba pa phiri kukugunda, mphenzi za kuno zimapha anthu.

Sankhani malo amodzi, muziwabwerera

Musafune kumaliza Joni yonse mwezi umodzi. Northcliff Ridge ndi poyambira pabwino: mukaima pamenepo mumauona mzinda wonse uli ndandanda. Phunzirani kuzindikira zimene mukuonazo. Chosongoka chachitali kwambiri ndi Hillbrow Tower, ya mamita 269, yomalizidwa mu 1971. Chozungulira ngati mgolo ndi Ponte, ya 1975. Carlton Centre, ya nsanjika 50 ndi mamita 223, inatsegulidwa mu 1973. Mukazidziwa, mumadziwanso poima kuti china chisabise chinzake.

Pa Munro Drive ku Houghton pitanipo kumapeto kwa Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala, jakaranda atachita maluwa, mudzaone pepo atakuta madenga ngati mtambo. Wofuna njanji ndi zitsulo apite pa mlatho wa Nelson Mandela, wa 2003, wolumikiza Braamfontein ndi Newtown, pomwe sitima zimagona pansi pake mizeremizere. Wosowa mtima wa kumudzi apite ku Walter Sisulu National Botanical Garden ku Roodepoort. Pakhomo amalipiritsa, koma kuli mathithi a Witpoortjie ndi ziombankhanga zakuda zimene zimamanga zisa pathanthwe lomwelo. Nditakhala pamenepo koyamba n'kumva madzi akugwa, ndinakumbuka Zomba mpaka misozi inalengeza.

Mtengo umodzi womwewo, mukaujambula mu Julayi uli gwaa wopanda masamba, n'kuubwerera mu Januwale, mumakhala ndi zithunzi ziwiri zosafanana ngakhale pang'ono.

Za chitetezo musazitenge mopepuka

Uno ndi mzinda umene foni imachoka m'manja musanaphethire. Pitani awiri kapena atatu, wina azijambula wina aziyang'ana uku ndi uku. Chikwama chikhale chakale, chosakopa maso. Tulutsani foni, jambulani, bwezerani m'thumba, zoonera zithunzi mukachitire kunyumba. Mapepala anu akhale nanu. Ndipo munthu akakhala kuti akuonekera nkhope m'chithunzi, mpempheni kaye.

Tsopano kajambulidwe kake

Pukutani kagalasi ka kamera ndi nsalu yofewa. Zikumveka zachibwana, koma foni yogona m'thumba limodzi ndi makiyi ndi thukuta imatulutsa zithunzi za nkhungu. Kenako yatsani timizere ta grid, tija timagawa sikirini patatupatatu. Mzere umene thambo limakumana ndi dziko musauike pakati penipeni. Ngati kukongola kuli ku mitambo, utsitseni kuti thambo litenge mbali yaikulu. Ngati kuli pansi, ukwezeni. Ndipo uwongoke, chifukwa Ponte yopendekeka imapweteka m'maso.

Gwirani pasikirini pamene pali thambo lowala, kenako tsitsani kuwalako pang'ono ndi chala mpaka mitambo ionetse mizere yake. Chodera chimakonzeka pambuyo pake, koma choyereratu mbee sichibwerera. Musakokere chithunzi ndi zala kuti chiyandikire, chimangophwanyika. Yendani ndi miyendo. Kukayamba mdima manja amanjenjemera, choncho tsamiritsani foni pakhoma kapena pamwala, ikani timer ya masekondi atatu, chotsani dzanja. Ine ndinayenda chaka chathunthu ndi kathumba ka mpunga m'chikwama, n'kumakhazikapo foni, ndisanagule tripod, choimikira kamera cha miyendo itatu.

Chinthu chimene chinasintha zithunzi zanga kwambiri ndi kuika kanthu kapafupi kutsogolo. Mzinda uli kutali wokha umaoneka waung'ono ndi wouma. Gwadani pansi, mulowetse mwala wa ndere, ngala za udzu kapena duwa lofiira la aloe, ndipo diso la woona lidzayambira pamenepo n'kuyenda mpaka kukafika ku nsanjazo.

Musaiwale milu yachikasu ija

Apa ndikhalitsapo. Mukamadutsa kum'mwera kwa mzinda kapena popita ku Soweto, mumaona milu italiitali ya mchenga wachikasu. Si mapiri a Mulungu amenewo. Ndi dothi lotuluka m'migodi ya golide, amene anapezeka kuno mu 1886 n'kubala mzindawu. Ena mwa amene anakumba dothi limenelo ndi agogo athu, aja ankapita pa Wenela, ena osabwereranso n'kusanduka matchona. Mu 1974 ndege yonyamula Amalawi ochokera ku migodi inagwa ku Francistown n'kupha anthu oposa 70, ndipo boma la Kamuzu linaimitsa kaye ulendo wa Wenela. Lero miluyo ikugumulidwa pang'onopang'ono, akusefanso golide wotsalira, ndipo ina inatha kale. Ndikaijambula dzuwa likulowa, mchenga uja utasanduka ngati ufa wa mgaiwa wothira moto, ndimamva kuti ndikujambula thukuta la anthu akwathu. Ijambuleni muli patali. Fumbi lake ndi loipa m'chifuwa, ndipo m'malo ena muli azama-zama, anthu okumba golide mozemba malamulo, amene safuna kuona kamera.

Kukonza, kusunga ndi kutumiza

Pa zithunzi makumi asanu sankhanipo zitatu. Wongolani mzere, onjezani kuwala pamene pada, basi. Thambo likafika pobiriwira ngati penti ndiye kuti mwapyola. Sungani m'malo awiri, pafoni ndi pa Google Photos kapena pa kompyuta ya mnzanu, poti foni ikapita zonse zapita. Amene mwafika pofuna kuphunzira mozama, ku Newtown kuli Market Photo Workshop, sukulu imene katswiri wojambula zithunzi David Goldblatt anayambitsa mu 1989.

Potumiza pa WhatsApp, tumizani ngati document kuti chithunzi chisafinyike. Kwa makolo amene foni yawo ndi ya mabatani, tsukitsani ziwiri kapena zitatu pa pepala, muziike pakati pa makatoni awiri kuti zisapindike, mupatsire wa basi kapena m'bale amene akupita kumudzi. Mayi anga ndinawatumizira cha mathithi a Witpoortjie, ndipo anachipachika pamwamba pa kabati, pafupi ndi kalendala ya kutchalitchi.