Momwe mungapemphere chitetezo ku United States ngati mukuthawa nkhanza kapena zoopsa

Ambiri amaganiza kuti khomo ndi limodzi, la asylum. Alipo angapo, ndipo lililonse lili ndi fomu yake, malamulo ake ndi nthawi yake. Ntchito yoyamba ndi kudziwa khomo lomwe nkhani yanu ikulowera.

Dzifunseni kaye kuti mukuthawa ndani komanso chifukwa chiyani. Asylum ndi ya munthu amene akuzunzidwa kwawo, kapena ali ndi chifukwa chomveka choopera kuzunzidwa, chifukwa cha mtundu wake, chipembedzo, dziko lochokera, maganizo a ndale kapena gulu la anthu lomwe iye alimo. Zifukwa zisanuzi zidachokera m'pangano la mayiko la 1951 lokhudza othawa kwawo. Umphawi ndi njala, ngakhale zifike posauzana, sizili pamndandandawu. Kuti mupemphe muyenera kukhala muli kale m'dzikomo kapena pachipata chake. Amene ali kunja amadzera njira ya othawa kwawo, kawirikawiri kudzera ku UNHCR, bungwe la United Nations loona za othawa kwawo, ndipo bungweli sililipiritsa. Wokuuzani kuti mumupatse ndalama akuikeni pamndandanda ndi wakuba.

Kenako werengani masiku. Fomu ya asylum, I-589, iyenera kuperekedwa chisanathe chaka chimodzi kuchokera tsiku lomwe mudalowa m'dzikomo. Ochedwa amamvedwa pokhapokha atasonyeza kuti zinthu zasintha kapena padali vuto lalikulu lowalepheretsa, ndipo kutsimikiza zimenezi ndi chintchito. Ine ndimati ngati akudindirani chidindo m'pasipoti polowa, chijambuleni tsiku lomwelo, chithunzicho muchisunge malo awiri.

Ngati nkhanza zikuchitikira m'nyumba momwemo, pali lamulo la 1994 lolimbana ndi nkhanza zochitira amayi, lotchedwa VAWA. Wokuzunzaniyo akakhala mwamuna wanu, mkazi wanu kapena kholo lanu, ndipo ndi nzika ya dzikolo kapena ali ndi green card (chilolezo chokhazikika m'dzikomo), mutha kudzipemphera nokha pa fomu I-360 iye osadziwa, osasainira. Dzina la lamuloli limatchula amayi, koma abambo ozunzidwa nawonso amaloledwa. Paja wankhanza amakonda kuopseza kuti "ukandisiya, mapepala ako athera pompo". Lamuloli adalikonza kuti limulande ndodo imeneyi.

Ochitiridwa milandu ikuluikulu m'dzikomo, monga kugwiriridwa kapena kuvulazidwa koopsa, amapempha U visa pa fomu I-918. Pamafunika kuti apolisi, woimira boma pamilandu kapena woweruza asaine chikalata chotsimikiza kuti mwathandiza pa kafukufuku, ndipo chikalatacho chimagwira ntchito miyezi 6 yokha chisainireni. Pachaka amapereka ma visa 10,000 okha, choncho mzere wake ndi wa zaka. T visa, fomu I-914, ndi ya amene adazembetsedwa n'kumagwiritsidwa ntchito yakalavulagaga kapena kukakamizidwa uhule. Ziwirizi zidabwera ndi lamulo la 2000. Palinso TPS, chitetezo cha kanthawi cha nzika za mayiko okhawo omwe boma lawatchula chifukwa cha nkhondo kapena ngozi zogwa mwadzidzidzi. Iyi ndi yongoyembekezera, payokha siifikitsa munthu ku green card.

Mukadziwa khomo, sonkhanitsani umboni. Malipoti a kuchipatala ndi kupolisi, mauthenga oopseza a pa WhatsApp, zithunzi za mabala, makalata a anthu omwe adaona. Chilichonse chosalembedwa m'Chingerezi chimasuliridwe, womasulirayo asaine kuti wamasulira molondola. Musasunge zinthuzi m'foni yomwe wokuzunzaniyo amaitsegula.

Ndiyeno lembani nkhani yanu motsatira masiku, malo ndi zomwe zidachitika. Apa mpomwe ambiri amagwa. Wofunsa mafunso amayerekeza zomwe mudalemba ndi zomwe mukunena pakamwa: mukalemba kuti adabwera usiku ali atatu, pofunsidwa n'kunena kuti adali asanu masana, wayamba kukayikira zonse. Tsiku ngati mwaliiwala, nenani kuti mwaliiwala. Nkhani yogula kapena yobwereka kwa mnzanu ayi ndithu, chifukwa pempho la asylum lopezeka kuti ndi labodza ladala limatsekera munthu makomo enawo mpaka kalekale.

Musanasaine chilichonse, kaonaneni ndi loya wa za olowa m'dziko kapena woimira anthu wovomerezeka ndi unduna wa zachilungamo wa dzikolo, Department of Justice. Kukhothi la za olowa m'dziko boma silipereka loya waulere, koma pali mabungwe omwe amathandiza popanda malipiro. Mukasamuka nyumba, dziwitsani USCIS, ofesi ya boma yoona za olowa m'dziko, pasanathe masiku 10, komanso khothi pasanathe masiku 5 ngati nkhani yanu ili kumeneko, chifukwa kalata yokuitanani ikapita ku adiresi yakale inu n'kujomba, woweruza atha kulamula kuti muchotsedwe m'dziko inu kulibe.