Kajambulidwe ka mutu wa munthu poyeserera tsiku ndi tsiku

Zofunika: pensulo ya HB, labala, mapepala wamba ndi kalilole wodziyang'anirapo.

1. Jambulani mpira mopepuka, osadinikiza pensulo. Chepetsani mbali zonse ziwiri, chifukwa chigaza n'chophwatalala cha m'makutu.
2. Lembani mzere wotsika pakati pa nkhope ndi wina wopingasa pa nsidze. Mizereyi izizungulira mpirawo, isakhale yowongoka.
3. Gawani nkhope patatu mofanana: poyambira tsitsi kufika pa nsidze, nsidze kufika kunsi kwa mphuno, mphuno kufika kuchibwano.
4. Ikani maso pakati penipeni pa mutu wonse. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amakweza maso m'mwamba chifukwa chidwi chili pa nkhope, chipumi n'kuchepa. Pakati pa maso pazikwana diso lina.
5. Khutu likhale pakati pa mzere wa nsidze ndi wa mphuno.
6. Tembenuzani mutu. Ukayang'ana kumwamba makutu amaoneka otsika, ukawerama amakwera, ndipo ukatembenukira kumbali diso lakutali limaoneka lopapatiza.

Jambulani mitu 10 m'mphindi 20 tsiku lililonse, yopenya mbali zosiyanasiyana. Tsitsi ndi mithunzi zidikire kaye.