Kusamalira wodwala sitiroko akatuluka m'chipatala

Munthu amene wadwala sitiroko akabwerera kunyumba, ntchito yaikulu imatsalira abale, ndipo miyezi 3 mpaka 6 yoyambirira ndi imene mphamvu zimabwerera msanga, choncho si nthawi yomusiya chigonere.

Ngati sangathe kudzitembenuza yekha, muzimutembenuza maola 2 aliwonse, chifukwa kugonera mbali imodzi kumayambitsa zilonda m'chiuno ndi m'zidendene. Akagonera mbali yamphamvu, ikani pilo pansi pa mkono wofookawo ndi ina pakati pa mawondo. Musamudzutse pomukoka mkono umenewo. Minofu ya paphewa imakhala italefuka, moti kukoka kumatha kugulula phewa n'kumusiyira ululu wa miyezi yambiri. Muzimugwira m'chiuno kapena kumsana.

Pa nthawi ya chakudya akhale tsonga, ndipo muzimupatsa phala lolimbirako kapena nthochi yophwanya, pang'onopang'ono ndi supuni yaing'ono. Madzi ndi amene amatsamwitsa kwambiri. Akayamba kutsokomola, kapena mawu akamamveka ngati pakhosi patsalira madzi, lekani kaye ndipo mukawauze achipatala, popeza chakudya cholowa m'mapapo chimayambitsa chibayo.

Chimene chimachedwetsa odwala ambiri ndi chifundo chathu chomwe. Kumuona bambo amene ankalima munda wonse akulimbana ndi batani limodzi la malaya kumapweteka mtima, ndipo manja amafuna kumumangira. Koma ubongo umaphunziranso pokhapokha chiwalo chikamagwiritsidwa ntchito mobwerezabwereza. Musiyeni ayesetse, ndipo muzimuthandiza pamene walephereratu. Akoleke zala za manja onse awiri kuti dzanja lamphamvu lizikweza lofookalo. Atole nyemba m'lichero n'kumaika m'kapu, adzuke pampando n'kukhalanso inu muli pambali pake ku mbali yofookayo. Kuchita zimenezi mphindi zochepa kangapo patsiku kuli bwino kusiyana ndi kumutopetsa kamodzi. Pa tsiku la mafizo, omwe ndi masewera olimbitsa ziwalo a kuchipatala, musajombe, ndipo pemphani kuti akuonetseni zoti muzikachita kunyumba. Ku Blantyre kuli Kachere Rehabilitation Centre, kumene odwala otere amagonekedwa kuti aphunzirenso kuyenda ndi kudzisamalira.

Amene wafooka mbali ya kumanja kawirikawiri amavutikanso kulankhula, koma sanasanduke mwana. Muzimufunsa funso limodzi lalifupi n'kudikira yankho, osamumalizira mawu.

Mankhwala a BP kapena a shuga asasiyidwe ngakhale akuoneka kuti wachira, chifukwa sitiroko imatha kubweranso. Pakamwa pakapotoka mwadzidzidzi, mkono ukafooka kapena lilime likalemera, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo.