Mabuleki a Magetsi a Ngolo Akafooka: Poyambira Kufufuza

Ambiri amene amakoka ngolo kuchokera kuno ku Joni kupita kumudzi amadziwira mumsewu kuti mabuleki sakugwira. Pamtsetse wa N1 mukangodutsa Louis Trichardt, ngolo yodzaza mafiriji ndi masofa imayamba kukankha galimoto. Tikunena mabuleki a magetsi, okhala ndi maginito mkati mwa dramu (chitsulo chozungulira limodzi ndi tayala, momwe mabuleki amagwirira), osati aja ogwira okha ngolo ikakankha. Musathamangire kugula maginito atsopano, chifukwa nthawi zambiri vuto limakhala lakuti magetsi akufika operewera.

Yambirani pa batire. Injini ili yozima, multimeter (kachipangizo koyezera magetsi) iwerenge ma volt pafupifupi 12.6, ndipo mukailiza ikwere kufika pakati pa 13.8 ndi 14.4. Kenako onani kabokosi kolamulira mabuleki kali mkati mwa galimoto. Mwina wina anatsitsa mphamvu yake ngolo ili yopanda katundu, n'kuiwala kubwezera.

Tsopano kolekani ngolo, mnzanu akankhe kachogwirira ka kabokosi kaja mpaka kumapeto, inu muziyeza. Ngolo ikhale yolumikizidwa ndithu. Waya amene watsala ndi tinsinga tiwiri amaonetsa ma volt 12 bwinobwino pamene palibe chikukoka magetsi, koma maginito akayamba kukoka, nambala imagwa. Yezani pa kabokosi, pa pulagi, kenako pa mawaya olowa m'tayala lililonse. Pamene nambala yatsikira kwambiri, vuto lili pakati pa malowo ndi pamene munayeza komaliza.

Ine ndimakayikira pulagi poyamba. Mvula yamabingu ya m'chilimwe kuno imalowetsa madzi mu soketi, timano n'kuchita zobiriwira. Palani ndi sandipepa, mangitsani timasikuluu ta mkati. Pa pulagi ya mano 7 ija, waya woyera wa pa nambala 3 ndiye ethi, waya wobwezera magetsi ku batire. Anthu ambiri amasiya ethi kuti izidutsira pa mpira wachitsulo wokolekapo ngolo, pomwe pali girisi ndi dzimbiri. Nyale zimayaka ndithu, n'chifukwa chake munthu amanyengeka, koma mabuleki amafuna magetsi ochuluka. Mangani waya wa ethi pa chitsulo cha ngolo chopalidwa mpaka kuwala. Chizindikiro china cha ethi yoipa ndi nyale zakumbuyo zimene zimazirala mukaponda buleki.

Maginito amodzi amakoka ma amp (muyezo wa kuchuluka kwa magetsi oyenda m'waya) pafupifupi 3, ndiye ngolo ya matayala anayi imafuna pafupifupi 12. Waya wowonda ngati wa sipika sangakwanitse, ikani wokhuthala wa 4 mm². Onaninso waya wodutsa mkati mwa ekiselo, amakhulika ndi maenje a m'misewu, ndiponso polumikizira pamene anangopota n'kukulunga tepi.

Ngati magetsi akufika okwanira koma ngolo ikukankhabe, kwezani tayala pa jeke, ikani chochirikiza, mulizunguze ndi manja mnzanu akankhenso kachogwirira. Liyenera kuima mwadzidzidzi. Likapanda kutero, masulani maginito muwayeze paokha: abwino amakhala pakati pa ma ohm 3 ndi 4 (ohm ndi muyezo wa mmene chinthu chimatchingira magetsi, pa multimeter yomweyo). Nkhope yake ikadyeka mopendekera, sinthani mbali zonse ziwiri. Mashuu, aja amene amakanikiza dramu kuti tayala liime, akanyowa girisi, silo yabeyaringi yatha, ndipo kuwatsuka n'kutaya nthawi, gulani ena.

Pomaliza tembenuzani kagiya kosinthira kuseri kwa dramu mpaka tayala litalimba, kenako bwezani pang'onopang'ono mpaka lizizungulira likungokhudza pang'ono. Mashuu atsopano sagwira bwino tsiku loyamba. Pezani msewu wopanda magalimoto ambiri, muyende pang'onopang'ono n'kumagwira mabuleki a ngolo okha maulendo 20 kapena 30, mukupatsa madramu mpata wozizira.