Kukadyera kwina malamulo a mliri akakhwima: zoti a ku Mchinji adziwe asananyamuke

Munthu wa ku Mchinji akanena kuti akukadyera kwina, kawirikawiri amakhala kuti walowera ku Lilongwe pamsewu wa M12, wadzera ku Kapiri kulunjika ku Kasungu, kapena wawoloka pa Mwami kupita ku Chipata. Masiku abwinobwino maulendo atatuwa amangosiyana mtengo wa thiransipoti. Kukagwa mliri amasiyana kwambiri, chifukwa lamulo lomwe limakumangani si la kwanu kumene mwachokera, koma la kumene mbale yanu yaikidwa. Ambiri amene anabwerera ndi njala, amene analipa chindapusa kapena kugona panjira m'nthawi ya Covid-19, anachimwira pamenepa.

Taonani mmene zinalili mu 2020. Kumapeto kwa Malichi boma la Zambia linatseka mabala n'kulamula kuti malesitilanti azigulitsa chakudya chokadyera kunyumba basi. Kuno kwathu boma linakonza zotseka dziko kwa masiku 21 kuyambira pa 18 Epulo, koma khothi lalikulu linaimitsa ganizolo lisanayambe kugwira ntchito. Mu Meyi a ku Zambia analola anthu kukhalanso pansi m'malesitilanti, mabala akadali otseka. Mu Ogasiti kuno kunabwera malamulo okakamiza kuvala masiki pagulu, chindapusa chake K10,000, ndipo mabala anapatsidwa maola ochepa, kuyambira 2 koloko masana mpaka 8 koloko usiku. Maiko awiri oyandikana, anthu ake a chilankhulo chimodzi, ena mwa iwo apachibale amene amakumana pa mwambo wa Achewa wa Kulamba ku Mkaika, koma mbali iliyonse imamasula ndi kumanga pa nthawi yakeyake. Choncho zimene munamva sabata yatha kwa mnzanu wa kabaza musazitenge ngati za lero.

Funsani tsiku lomwelo, ndipo funsani woyenera

Safunsa anadya phula. Imbani foni kumalo kumene mukufuna kukadyako m'mawa wa tsiku la ulendo, osati dzulo lake. Funso loti "mwatsegula?" silokwanira, pakuti adzayankha kuti eya ngakhale akugulitsa zonyamula zokha. Afunseni ngati anthu akukhala pansi n'kudyera pomwepo, ngati ali ndi matebulo panja, kuti patebulo limodzi akulola anthu angati, komanso kuti kukhitchini amazimitsa moto nthawi yanji. Funso lomalizali ndi lofunika kuposa onse. Malo amene alamulidwa kutseka 8 koloko amasiya kuphika nthawiyo isanakwane, chifukwa ophika ndi operekera chakudya nawonso ayenera kutsuka miphika n'kukafika kwawo nthawi yoletsa kuyenda isanakwane. Mukafika 7 koloko mudzapeza nsima yozizira ndi msuzi wotsalira.

Za lamulo lenilenilo, mwini lesitilanti si woweruza. Iye amafuna kasitomala. Mverani zimene Unduna wa Zaumoyo walengeza pawailesi, ndipo ngati mukupita m'boma lina kumbukirani kuti makhonsolo ali ndi mphamvu zowonjezera zawo pa misika ndi malo ogulitsira zakudya. Zinaoneka bwino pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, pomwe makhonsolo ena analetsa kugulitsa zakudya zophikaphika m'misewu pamene kwina chiwaya chinkayakabe. Kasungu ndi Mchinji ndi maboma a chigawo chimodzi, koma khonsolo iliyonse ili ndi ofesi yakeyake ya zaumoyo.

Werengani nthawi chobwerera m'mbuyo

Mu Januwale 2021, matenda atakula mpaka kutenga nduna ziwiri tsiku limodzi, Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera analengeza kuti munthu asapezeke akuyendayenda kuyambira 9 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa, misika izitsekedwa 5 koloko madzulo, malo omwera mowa 8 koloko, ndipo pamsonkhano pasapitirire anthu 50. Lamulo la mtundu umenewu likakhalapo, ulendo wokadya umayamba kukonzedwa kuchokera pa ola lofikira pakhomo panu.

Tiyerekeze kuti mukudyera ku Lilongwe. Kuchokera kumeneko kufika pa boma la Mchinji ndi mtunda woposa pang'ono makilomita 100. Pa galimoto yanu ikani ola limodzi ndi theka, muwonjezerepo theka lina la marodibuloko, chifukwa nthawi zotere apolisi amasuzumira m'galimoto kuona masiki ndi kuwerenga anthu. Pa minibasi ikani maola atatu: imadikira kudzaza, imaima pa Namitete, imaima pa Kamwendo, ndipo chiwerengero cha okwera chikachepetsedwa mtengo umakwera, minibasi zake zimachepanso kukamada. Ndiye kuti wa minibasi ayenera kukhala atasamba m'manja n'kulipira bilu pofika 5 koloko. Kunena mosabisa, pa nthawi ya malamulo otere chakudya chamadzulo cha kutali chisiyeni. Konzani nkhomaliro. Masana mumakhala panja momasuka, chakudya chimakhala chongophulidwa kumene, ndipo tayala likaphulika mumakhala ndi nthawi yokonza.

Amene amakhala kutali ndi tala awonjezere nthawi ya njinga yamoto yomalizira ulendo, makamaka m'dzinja.

Kuwoloka pa Mwami

Apa ndi pamene pamafunika kuganiza kawiri. Kupita ku Chipata si kungodutsa malire a boma. Ndi kulowa m'dziko lina, ndipo a zaumoyo a pachipata amakhala ndi mawu asanalankhule a zolowa ndi kutuluka. Amayeza kutentha kwa thupi, amafunsa kumene mwachokera, ndipo m'nthawi ya Covid-19 ankafuna chikalata chosonyeza kuti mwayezedwa posachedwa ndipo mulibe kachilombo. Kwa nthawi yaitali chikalatacho chinkayenera kukhala cha mkati mwa maola 72, ndipo kuyezetsa kwa apaulendo kunali kolipira, mtengo wake woposa kutali mbale ya nsima ya nkhuku imene mukuitsatirayo. Katemera atafika mu Malichi 2021, chiphaso cha katemera chinayamba kufunikanso pang'onopang'ono. Chikadzafunikanso, chisungeni pamodzi ndi pasipoti kapena chiphaso chowolokera, m'kathumba kapulasitiki, ndipo muchijambule pa foni.

Chimene ambiri amaiwala ndi ulendo wobwerera. Kuloledwa kulowa m'Zambia sikutanthauza kuti kwanu mudzalowa mosavuta. Mu Disembala 2020 Malawi inatseka zipata zake zapamtunda kwa masabata awiri, kusiya magalimoto a katundu wofunika ndi nzika zobwerera kwawo, ndipo obwererawo ankadutsa m'manja mwa a zaumoyo. Panali nthawi imene wochokera kunja ankauzidwa kudzipatula masiku 14. Kwa mphunzitsi, wogulitsa pamsika kapena mlimi amene fodya wake ali m'chigafa, masiku 14 ndi ambiri. Funsani za mbali zonse ziwiri musanadinditse, ndipo funsani kwa ogwira ntchito pachipata, osati kwa anyamata osintha ndalama.

Tonse tikudziwa kuti malire a Mchinji ndi Zambia ali ndi tinjira tambirimbiri tam'midzi, ndipo achibale amayenderana tsiku ndi tsiku. Koma kudzera njira yachidule n'cholinga chokadya m'tauni ya Chipata pomwe chipata chatsekedwa ndi kudziika m'mavuto awiri: ndinu wolowa m'dziko popanda chilolezo, komanso mukadwalira kumeneko mudzaopa kupita kuchipatala. Ngati nkhani yake ndi kuonana ndi achibale, dikirani chipata chitseguke.

Za ndalama: kwacha ya Zambia si kwacha yathu. Sinthani zokwanira chakudya ndi thiransipoti yobwerera, mukhale ndi zing'onozing'ono kuti musamadikire chenji chodutsa m'manja ambiri. Musadalire kuti Mpamba kapena Airtel Money ya nambala ya kuno idzalipira bilu tsidya linalo musanafunse.

Mukafika, yang'anani mpweya musanayang'ane menyu

Kachilombo ka Covid-19 sikayenda m'nsima. Kamayenda mu mpweya umene anthu akupuma, kulankhula ndi kuseka, ndipo podya ndi pamene aliyense amavula masiki. N'chifukwa chake malo okhala ndi ofunika kuposa china chilichonse. Pakhonde kapena pansi pa mtengo ndi pabwino koposa. Ngati n'kosatheka, khalani pafupi ndi zenera lotsegula, makamaka pamene mawindo ali mbali ziwiri kuti mphepo izidutsa. Chipinda chotseka mawindo chokhala ndi fani yapadenga chimanamiza: mumamva kuzizira, koma fani imangozunguza mpweya womwewo. Malo amene wailesi kapena mpira wa pa TV ukusokosera apeweni, chifukwa anthu amakuwa n'kuyandikizana mitu kuti amvane.

Pakati pa inu ndi tebulo la anthu ena pakhale mita imodzi kapena kuposa, ndipo muyeze kuchokera pampando kufika pampando, osati patebulo kufika patebulo. Masiki muvule chakudya chikafika, muipinde mbali yakukamwa ilowe mkati, muiike m'thumba loyera. Isakhale patebulo pomwe pagwera msuzi, ndipo isalendewere pachibwano.

Kusamba m'manja ndi mwambo wathu kale, koma kasambidwe kake ndi kamene kamavuta. Beseni limodzi lozungulira tebulo lonse, kuyambira akulu kutsirizira ana, limasiya womaliza akusamba litsiro la anzake onse. Pemphani kuti akuthirireni madzi a m'jagi, beseni lingolandira ogwa pansi, ndipo sopo akhalepo. Pakani sopo kwa masekondi osachepera 20, kuseri kwa manja, pakati pa zala ndi m'zikhadabo, popeza nsima timadya ndi manja. Ndowa ya mpopi ya pakhomo ili ndi msampha wake: aliyense amatsegula kampopiko ndi dzanja lakuda, ndiye mukatseka ndi dzanja losamba mwabwerera pomwe munayambira. Tsekani ndi chigongono, kapena pakani sopo pakampopipo musanatsukuluze. Mpondagiya alibe vuto limeneli poti umaponda ndi phazi. Thaulo lopachikidwa pamsomali lisiyeni, manja aume okha. Sanitaiza wothandiza ndi wokhala ndi alikoholo wa 60 peresenti kupita m'mwamba, koma pa manja a mafuta a tchipisi kapena a dothi sagwira bwino, ndipo muyembekeze aume musanatape nsima.

Patebulo aliyense akhale ndi mbale yake ya ndiwo. Kwa achikulire izi zimamveka ngati kusalana, choncho lankhulani musanaitanitse: "Agogo, lero aliyense adyera m'mbale yake kuti tikutetezeni inuyo." Chimodzimodzi thobwa kapena chibuku, kapu isazungulire. Ngati m'gulu mwanu muli wa shuga, wa BP, mayi woyembekezera kapena wachikulire kwambiri, ameneyo akhale kumphepete, kumbali imene mphepo ikuchokera. Ndipo amene wadzuka ndi chifuwa, kutentha thupi kapena wasiya kumva fungo asakwere nawo galimoto, ngakhale phwandolo likhale lake.

Mliri ukakhala wa kolera, nkhani imatembenuka. Apo mpweya ulibe mlandu, choopsa chili m'madzi ndi m'chakudya. Idyani zotentha zofuka nthunzi, saladi ya kabichi ndi tomato wosaphika muisiye, zipatso zikhale zosenda nokha, ndipo madzi akhale a m'botolo losatsegula kapena othira klorini. Funsaninso madzi amene akutsukira mbale.

Mukapeza kuti ndi zonyamula zokha

Musakangane ndi woperekera chakudya, ndipo musavomere akakunong'onezani kuti kuseri kuli kachipinda kobisika. Kachipinda kotero kamakhala kotseka mawindo dala kuti apolisi asaone, ndiye kuti ndi malo oipitsitsa m'nyumba yonseyo, ndipo akagwidwa inunso mulipo.

Tengani chakudyacho, koma muganizire ulendo. Chakudya chophika chisakhale kunja kwa moto kapena firiji kupitirira maola awiri, ndipo m'galimoto yotentha ya mwezi wa Okutobala nthawiyo imachepa. Mpunga ndi nkhuku ya msuzi zimaonongeka msanga, nthawi zina fungo lisanasinthe n'komwe. Nyama yowotcha ndi tchipisi zimapirirako, malinga ngati saladi aikidwa padera. Ndi bwino kuima pamthunzi wapafupi, kutali ndi gulu, n'kudya zikadali zotentha. Kudyera m'minibasi ayi, pakuti mumavula masiki pakati pa anthu othithikana. Zikafika kunyumba zitenthetseni mpaka zifuke nthunzi mkati mwenimweni, osati kungofunditsa. Nyama yaiwisi musawoloke nayo pa Mwami popanda chilolezo cha a zaziweto. Adzakulandani, makamaka kukamveka chigodola cha nkhumba.

Malo ena amalembetsa dzina ndi nambala ya foni pakhomo. Lembani zoona, chifukwa ndi njira yokhayo imene angakupezereni wina amene munadya naye chipinda chimodzi akapezeka ndi matenda. Inunso lembani penapake tsiku, malo ndi anthu amene munali nawo. Zizindikiro za Covid-19 zimaoneka pakati pa masiku 2 ndi 14, kawirikawiri cha pa tsiku lachisanu kapena lachisanu n'chimodzi, choncho sabata yotsatira ulendowo musathamangire kukaona agogo kumudzi. Mukamva kusintha m'thupi, valani masiki, pitani ku chipatala cha boma cha Mchinji kapena chipatala chaching'ono chapafupi, ndipo muwauze a zaumoyo kumene munapita, ngakhale kutakhala kutsidya kwa malire.