Mmene namwino angakonzekerere kukagwira ntchito pa zilumba za eni nthaka kumpoto kwa Australia

Anamwino anzanga angapo ochokera ku Malawi, amene tikugwira ntchito m'zipatala za muno mu Johannesburg, akhala akundifunsa za ntchito zimene zimalengezedwa pa intaneti zofuna anamwino pa zilumba za kumpoto kwa Australia, kumene kumakhala anthu a mtundu wa Aboriginal ndi a ku Torres Strait, omwe ndi eni nthaka a dzikolo. Popeza ndinagwirako ntchito kumeneko ndisanabwerere kuno, ndaona kuti ndi bwino kulemba zimene ndimawayankha, m'malo mozibwereza Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ku Rosettenville.

Yambani ndi mapepala, chifukwa ndi amene amadya nthawi ndi ndalama zambiri. Simungagwire wodwala ku Australia musanalembetsedwe ndi Nursing and Midwifery Board of Australia kudzera ku bungwe la AHPRA, limene limayang'anira kalembera wa ogwira ntchito zaumoyo m'dzikolo. Namwino amene anaphunzira ku Malawi kawirikawiri amalemba mayeso a pa kompyuta otchedwa NCLEX-RN, kenako amapita yekha ku Australia kukaonetsa luso lake pamaso pa oyesa m'mayeso otchedwa OSCE. Pamafunikanso mayeso a Chingerezi, monga IELTS kapena OET, ndipo musaganize kuti zaka zimene mwakhala ku Joni zikuchotserani udindo umenewu musanawerenge malamulo amene akugwira ntchito panthawiyo. Pemphani msanga makalata otsimikiza kuti mulibe mlandu pa ntchito, ochokera ku Nurses and Midwives Council of Malawi ku Lilongwe ndiponso ku South African Nursing Council ku Pretoria.

Mukalembetsedwa, musathamangire kuchilumba ngakhale malipiro ake akukopeni. Langizo langa ndi lakuti muyambe mwagwira ntchito chaka chimodzi kapena ziwiri m'chipinda cha odwala mwadzidzidzi pa chipatala cha mumzinda, monga ku Darwin kapena ku Cairns, kuti muzolowere mayina a mankhwala, kalembedwe ka mbiri ya wodwala ndiponso malire a zimene namwino amaloledwa kuchita popanda dokotala. Panthawi yomweyo chitani maphunziro a bungwe la CRANAplus okhudza chithandizo cha mwadzidzidzi kumadera akutali ndi okhudza amayi oyembekezera. Phunziraninso buku limene chigawo chanu chimatsatira: ku Northern Territory, kumene kuli Darwin, ndi CARPA Standard Treatment Manual, pamene ku Queensland, kumene kuli Cairns ndi Torres Strait, ndi Primary Clinical Care Manual. Namwino amene anagwirapo ntchito pa chipatala chaching'ono chakumudzi kwathu amadziwa kale kuima yekha, koma kumeneko chilichonse chimene mwapereka chiyenera kugwirizana ndi bukulo kapena ndi mawu a dokotala amene mwamuimbira foni.

Zilumbazo si zofanana. Zilumba za Tiwi, zomwe ndi Bathurst ndi Melville, zili pamtunda wa makilomita pafupifupi 80 kumpoto kwa Darwin. Galiwin'ku ndi mudzi waukulu wa anthu a Yolngu, omwe ndi gulu limodzi la anthu a mtundu wa Aboriginal, pa chilumba cha Elcho. Ku Torres Strait kuli zilumba zoposa 200, koma anthu amakhala pa zosakwana 20, ndipo chipatala chili pa Thursday Island. Musaganize za Likoma, kumene kuli chipatala cha St Peter's. Ganizani za Chizumulu, kumene wodwala kwambiri ayenera kuwoloka. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Australia amawoloka pa ndege kapena helikopita, ya CareFlight kapena ya Royal Flying Doctor Service, ndipo nyengo ikaipa mungakhale ndi wodwalayo usiku wonse. Amayi oyembekezera amatumizidwa kumzinda mimba ikafika masabata pafupifupi 36 kuti akadikirire kumeneko, monga mmene amayi kwathu amakadikirira pafupi ndi chipatala, ndipo ambiri safuna kusiya ana awo, choncho nkhaniyi muziiyamba mimba idakali yaing'ono.

Matenda a tsiku ndi tsiku ndi shuga, impso, kuthamanga kwa magazi, mphere, zilonda zapakhungu ndi mafinya m'makutu mwa ana. Koma amene adzakutengerani mtima ndi matenda a mtima oyamba ndi zilonda zapakhosi kapena zapakhungu zobwera ndi tizilombo ta streptococcus, zimene zikapanda kuchiritsidwa zimadzetsa malungo otupitsa mfundo ndi kuwononga zotsekera za mtima. Mwana amene wadwalapo amayenera kubayidwa jakisoni wa benzathine penicillin pasanadutse masiku 28 alionse kwa zaka zambiri. Jakisoniyu ndi wolimba ndiponso wopweteka kwambiri, ndipo mwana amene mwamubaya mwankhanza lero sadzabweranso mwezi wamawa. Mufunditseni m'manja musanabaye, bayani pang'onopang'ono, gwiritsani ntchito mankhwala ochititsa dzanzi ngati buku likulola, ndipo mulole mwanayo asankhe mbali yobayidwa ndi munthu womuperekeza. Sungani kaundula wa masiku mosamala ngati mmene tinkasungira wa anthu omwa ma ARV. Pa zilumba za kumpoto kwa Torres Strait, monga Saibai chimene chili pamtunda wa makilomita pafupifupi 4 kuchokera ku Papua New Guinea, pangano la 1978 limalola anthu a m'midzi ina ya mbali zonse ziwiri kuwoloka popanda pasipoti pa zochitika za chikhalidwe chawo, ndipo kumeneko luso lanu pa chifuwa chachikulu, kuphatikizapo chosamva mankhwala, lidzagwira ntchito.

Musanasaine kontrakiti, funsani amene amakuperekezani mukaitanidwa usiku. Mu Malichi 2016 namwino Gayle Woodford anaphedwa ku Fregon, m'chigawo cha South Australia, ataitanidwa usiku ali yekha, ndipo chigawocho chinakhazikitsa lamulo lakuti wogwira ntchito zachipatala kumadera akutali aziperekezedwa akaitanidwa nthawi yotere. Lamulolo ndi la chigawo chimenecho, choncho kwina muyenera kufunsa nokha ndi kuona yankho lake litalembedwa. Funsaninso kuti anamwino alipo angati ndiponso kuti mudzapuma liti mukachezera usiku.

Tsopano ndifike pa nkhani imene ambiri a ife timalakwitsa. Timapita tikuganiza kuti khungu lakuda litipatsa chibale, koma kwa eni mudzi ndinu mlendo amene wabwera ndi makiyi a kabati ya mankhwala, ngati ena onse amene anabwera n'kuchoka patapita masabata 6. Anthuwa amakumbukira nthawi imene boma linkalanda ana kwa makolo awo, zimene nduna yaikulu Kevin Rudd inapepesa pa 13 Febuluwale 2008, kotero mayi akamazengereza kubweretsa mwana wochepa thupi, kawirikawiri ndi mantha, osati kusasamala. Munthu wofunika kwambiri kwa inu ndi wogwira ntchito zaumoyo wobadwira pachilumbapo. Iye amadziwa amene ali pachibale ndi yani, nyumba imene mungafikepo ndi imene simungafikepo lero. Mumulemekeze monga mmene mlendo wanzeru amalemekezera nyakwawa ya mudzi, ngakhale satifiketi yanu ikhale yaikulu kuposa yake.

Miyambo ina simudzaidabwa. Ife timadziwa kuti mkamwini sakhala moyandikana ndi apongozi ake aakazi. Kwa a Yolngu ndi mitundu ina lamuloli n'lolimba kwambiri, ndipo palinso ulemu woterewu pakati pa mlongo ndi mlongo wake. Mnzanu wa pantchito akatuluka mwadzidzidzi wodwala wina atalowa, musamunene kuti ndi waulesi. Nkhani za amayi zimakambidwa ndi amayi, za abambo ndi abambo. Dzina la munthu amene wamwalira silitchulidwa kwa nthawi ndithu, ndipo amene ali ndi dzina lofanana nalo amaitanidwa mwanjira ina, choncho musafuule dzina lolembedwa pa fayilo musanafunse. Maliro amatha kutenga masiku ambiri n'kuimitsa zochitika za mudzi wonse. Ku Torres Strait kuli mwambo waukulu wotsegulira chiliza, wokhala ndi nyimbo, magule ndi chakudya chambiri, umene munthu wa kwathu amaumvetsa mosavuta, akakuitanani, pitani. Kumbukiraninso kuti kwa ambiri Chingerezi ndi chilankhulo chachiwiri kapena chachitatu, ndipo munthu akhoza kuvomera pongofuna kukulemekezani. M'malo mofunsa ngati wamva, mupempheni afotokoze yekha mmene adzamwere mankhwalawo, ndipo pa nkhani zikuluzikulu itanani womasulira.

Za moyo wa tsiku ndi tsiku, katundu wa m'sitolo amabwera pa sitima yapamadzi, kawirikawiri kamodzi pa sabata, monga mmene anthu a ku Likoma amadikirira Ilala, ndipo mitengo yake ndi yokwera. Gulani ufa wa nsima mumzinda, m'masitolo ogulitsa zakudya za ku South Africa, ndipo musalowe m'dzikolo ndi usipa kapena nyemba popanda kuulula pabwalo la ndege, chifukwa chindapusa chake n'chachikulu. M'midzi yambiri mowa ndi woletsedwa kapena uli ndi malamulo okhwima, ndipo lamuloli limakhudzanso namwino m'nyumba mwake. Pa malo ambiri a eni nthaka ku Northern Territory simuyenda mwachisawawa popanda chilolezo. Musasambe m'nyanja kapena mumtsinje musanafunse, chifukwa kuli ng'ona za m'madzi amchere, ndipo kuyambira Okutobala mpaka Meyi kumachuluka tinyama ta m'nyanja totchedwa box jellyfish, timene tikakhudza munthu chithandizo choyamba ndi kuthira viniga wambiri pamalopo. Nyengo ya mvula valani nsapato zotseka poyenda m'matope kuopa matenda a melioidosis, oyamba ndi tizilombo ta m'dothi ndi m'madzi, ndipo dziwani malo othawirako namondwe, pakuti wotchedwa Lam anawononga nyumba zambiri ku Galiwin'ku mu Febuluwale 2015.

Gulani simukhadi ya Telstra musananyamuke mumzinda, chifukwa ndiyo imagwira pa zilumba zambiri. Mukaweruka 5 koloko madzulo ku Tiwi, kuno ku Johannesburg ndi ku Lilongwe nthawi imakhala 9:30 m'mawa, ana ali kusukulu, choncho gwirizanani ndi a kunyumba kuti muzilankhulana inu mukangodzuka, iwo asanagone, kapena Loweruka limene simuli pa ntchito.