Momwe mungalondolere ma requirement kuchokera pakamwa pa kasitomala mpaka pa testi

Munthu atakulozerani mzere umodzi mu khodi yanu n'kufunsa kuti uwu unabwera chifukwa chani, anaupempha ndani, ndipo ndi testi iti imene imautsimikizira, mungamuyankhe mu mphindi zisanu? Ambirife timayamba kukanda mutu, kenako kusakasaka mu WhatsApp kufuna voisi noti ya bwana ija ya miyezi yapitayo, mwinanso amene analemba khodiyo anasiya ntchito kalekale. Ntchito ya kulondola kumeneku, kumene amati traceability, ndi yoti funso limeneli likhale losavuta, mbali zonse ziwiri, kuchoka pa requirement (chinthu chimene sisitimu ikuyenera kuchita) kupita ku khodi ndi testi, komanso kubwerera mmbuyo mpaka kwa munthu amene anapempha ndi chifukwa chake.

Tiyerekeze kuti mwapatsidwa ntchito yopanga sisitimu ya SACCO, mamembala azisunga ndalama ndi kubweza ngongole kudzera pa Airtel Money ndi TNM Mpamba. Ndigwiritsa ntchito chitsanzo chimenechi mpaka kumapeto.

Choyamba penipeni, requirement iliyonse ipatseni nambala yake. NGO-014 ya ngongole, MEM-003 ya mamembala, zilembo musankhe nokha bola zikhale zachidule. Lamulo lake ndi limodzi basi, nambala ikaperekedwa siyisinthidwa ndipo siyipatsidwanso kwa ina, olo requirement yo itafa. Mwaichotsa? Ilembeni kuti yachotsedwa, nambala ikhale pompo. Ndipo chonde musagwiritse ntchito manambala a mitu ya mu Word aja a 3.2.1, chifukwa tsiku limene wina adzalowetse ndime yatsopano pakati zonse zidzasuntha ndiye testi imene imaloza 3.2.1 idzakhala ikuloza chinthu china osadziwa aliyense.

Kenako kalembedwe. Requirement imodzi inene chinthu chimodzi, ndipo chikhale choti munthu angathe kuchiyesa n'kunena kuti chadutsa kapena chalephera. "Sisitimu ikhale yachangu komanso yosavuta kugwiritsa ntchito" imeneyo si requirement aise, ndi khumbo chabe, palibe amene angaiyese. Alistair Mavin ndi anzake ku Rolls-Royce anatulutsa kalembedwe kotchedwa EARS mu 2009, ndipo maganizo ake ndi ophweka, mumayamba ndi chimene chikuyambitsa, n'kutchula sisitimu, n'kunena chimene ikuyenera kuchita. Mwachitsanzo NGO-014: membala akapempha ngongole yoposa katatu ka masheya ake, sisitimu ikane pempholo ndi kumuonetsa ndalama zimene angathe kubwereka. Apa woyesa akudziwa kale chochita, aika masheya a K100,000, apempha K300,000 idutse, apempha K300,001 ikane. Mukaona mawu oti "komanso" pakati pa requirement, kawirikawiri ndi ziwiri zimenezo zakumbatirana, zilekanitseni. Amene akufuna zozama pa kalembedwe aone standadi ya ISO/IEC/IEEE 29148, imene inatuluka mu 2011 n'kukonzedwanso mu 2018, koma poyambira zimene ndanenazi zikukwanira.

Tsopano mbali imene ndikufuna tikhalepo nthawi, chifukwa ndi imene anthu amaidumpha. Pa requirement iliyonse lembani zinthu ziwiri zina: yachokera kuti, ndipo chifukwa chake n'chani. Yachokera ku malamulo a SACCO yo ndime yakuti, kapena ku mitingi ya bodi ya tsiku lakuti, kapena ku lamulo la dziko monga Data Protection Act ya 2024 ngati ikukhudza zinsinsi za mamembala, kapena ndi akauntanti amene anangonena pafoni. Zonsezi sizilemera mofanana. Ya akauntanti mutha kukambirana naye mawa n'kuisintha, ya lamulo la dziko simungaikhudze olo manijala atakalipa bwanji. Orlena Gotel ndi Anthony Finkelstein anafufuza nkhani imeneyi mu 1994 ndipo anapeza kuti vuto lalikulu silikhala kutsogolo, kuchoka pa dokyumenti kupita ku khodi, limakhala kumbuyo, anthu kulephera kupeza kumene requirement inachokera ndi amene angamufunse. Mpaka lero zidakali choncho, ma timu ambiri ali ndi ma tiketi olumikizidwa bwinobwino ku khodi koma mukafunsa kuti bwanji katatu osati kanayi, aliyense amangoti tinazipeza zili choncho.

Zimene zimachitika chifukwa chikasowa zinaoneka pa roketi ya Ariane 5 pa 4 June 1996 ku Kourou, ku French Guiana. Inasweka patangotha masekondi pafupifupi 40 itanyamuka, itanyamula ma satelayiti anayi a Cluster. Sofutiweya yoyeza kumene roketi yaloza anaitenga ku Ariane 4, ndipo mkati mwake munali kachigawo kamene kamapitiriza kugwira ntchito kwa kanthawi roketi itanyamuka kale. Pa Ariane 4 zinali ndi chifukwa, ankafuna kuti kuwerenga kotsika kuja kukaimitsidwa mphindi zomaliza athe kuyambiranso msanga osadikira mphindi 45 kapena kuposerapo. Pa Ariane 5 kachigawoko kanalibe ntchito roketi ikanyamuka, koma kanasiyidwa momwemo. Ndiye poti Ariane 5 imathamanga cham'mbali kwambiri kuposa mkulu wake uja, nambala ya 64-bit inalephera kukwana mu 16-bit, makompyuta onse awiri, yeniyeni ndi yapadera, anazima pa vuto limodzimodzilo. Komiti yofufuza imene anaitsogolera Jacques-Louis Lions ndi imene inafotokoza zonsezi. Kwa ife phunziro lake ndi la ntchito ya tsiku ndi tsiku, mukatenga module, chigawo cha khodi, ku pulojekiti yakale mwatenganso ma requirement ake, kuphatikiza amene simukuwaona, ndiye alembeni mu kaundula wanu ndipo pa iliyonse mufunse ngati chifukwa chake chidakalipo kuno. Module ya chiwongola dzanja imene munapangira kampani yobwereketsa ndalama mwina imawerengera mwanjira ina yosiyana ndi mmene SACCO imachitira.

Mukamaliza zakumbuyo lumikizani kutsogolo. Apa ine maganizo anga ndi oti kulumikiza kuchitike pamene munthu akugwira ntchito, osati pa tsiku lapadera lodzaza ma fomu, chifukwa tsiku limenelo silifika. Nthambi ya mu Git, tool yosunga mbiri ya khodi, itchedwe ndi nambala ija, NGO-014-malire-a-ngongole. Uthenga wa commit, umene mumalemba posunga zimene mwasintha mu Git, uyambe ndi NGO-014. Testi nayonso ikhale ndi nambalayo mu dzina kapena mu tagi. Mukatero, git log --grep="NGO-014" ikubweretserani zonse zimene zinasinthidwa chifukwa cha requirement imeneyi, ndipo ngati mukugwiritsa ntchito Jira, tool ya ma tiketi a ntchito, yolumikizidwa ku GitHub kapena Bitbucket, ma commit okhala ndi nambala ya tiketi amaonekera okha pa tiketiyo. Ikani ka hook, ka script kamene Git imayendetsa yokha, kokana commit yopanda nambala. Anyamata adzadandaula sabata yoyamba, kenako azolowera. Koma musafike poika nambala pa mzere uliwonse wa khodi ayi, zimenezo n'zotopetsa ndipo zimawola msanga, pa commit ndi pa testi pakwana.

Tebulo lija amati traceability matrix si chinthu chodabwitsa. Mzere uliwonse ndi requirement imodzi, makolamu ndi nambala, mawu ake, gwero, chifukwa, mwini wake, gawo la dizaini, ma testi, ndi pamene yafika. Excel kapena Google Sheets imatha ntchito imeneyi bwinobwino ngati ma requirement ali ochepa, bola fayilo ikhale imodzi ndipo ikhale ndi munthu mmodzi woiyang'anira, osati final, final2, final_yeniyeni zikuzungulira mu maimelo. Ngati mungathe, kolamu ya ma testi isamadzazidwe pamanja, lembani ka script kowerenga ma tagi n'kudzaza kokha.

Ndiye tebulolo muziliwerenga posaka mabowo, mbali ziwiri. Requirement yopanda testi, ndiye kuti palibe amene akudziwa ngati ikugwira. Imeneyi aliyense amaiona. Yovuta kuiona ndi mbali inayo, khodi kapena sikirini yopanda requirement. Nthawi zina ndi zokometsera zimene developer anangoika poti zinamusangalatsa, nthawi zina ndi zija manijala anakupezani pa kolido n'kunena kuti "achimwene, tangoikaniponso ka batani kosinthira deti la malipiro", inu n'kuika mwaulemu. Ka batani kameneko ndi kamene ma odita adzafunse, ndipo pepala lidzasowa. Yankho labwino pa kolidopo ndi lakuti chabwino bwana, ndikalembe kaye ndikutumizireni muvomereze. Palinso zina zimene kasitomala sanapemphe koma zabadwa chifukwa cha dizaini yanu, monga kuti sisitimu isalembe malipiro kawiri uthenga wa Mpamba ukabwera kawiri. Zimenezi amati derived requirements, zipatseni nambala nazonso ndipo mulembe chiganizo cha dizaini chimene chazibala. A ndege mu standadi yawo ya sofutiweya ya DO-178C amazitenga mozama kwambiri, zimayenera kukaonedwanso ndi oona za chitetezo.

Pamalire pamene sisitimu yanu ikumana ndi ya ena, samalani kawiri. Chombo cha NASA chotchedwa Mars Climate Orbiter chinatayika pa 23 September 1999 pamene chimafika ku Mars. Dokyumenti ya mgwirizano wa masisitimu inanena momveka kuti manambala a mphamvu akhale mu newton-seconds, koma sofutiweya ya pansi ya Lockheed Martin, kampani imene inapanga chombocho, imatulutsa mu pound-force seconds, kusiyana kwake ka 4.45, ndipo chombocho chinatsika pafupi kwambiri ndi Mars. Onani bwino apa, requirement inalipo, yolembedwa bwino, chimene chinasowa ndi kutsimikizira kuti sofutiweyayo ikuitsatiradi. Kwa inu a SACCO funso lake ndi ngati lomweli, ndalama zikubwera mu makwacha kapena mu matambala, nambala ya foni ikuyamba ndi 0 kapena 265, nthawi ndi ya kuno kapena UTC imene ili kumbuyo ndi maola awiri, zomwe zingapangitse malipiro a 1 koloko usiku pa 1 kugwera mwezi watha membala n'kuoneka ngati sanalipire mwezi uno. Chilichonse mwa izi chikhale requirement yokhala ndi nambala ndi testi yake, ndipo a mbali inayo aione.

Nanga zikasintha? Zisintha ndithu. Mukagwirizana ndi kasitomala, jambulani mmene ma requirement alili tsiku limenelo, imeneyo ndiye baseline, kaya ndi tagi mu Git kaya PDF yosayinidwa. Kuchokera apo kusintha kulikonse kudutse njira imodzi. Tinene kuti AGM yagamula kuti malire akhale kanayi m'malo mwa katatu. Musathamangire ku khodi. Tsegulani NGO-014, onani zonse zolumikizidwa nayo, mupeza testi ija ya K300,000, mupeza uthenga wa SMS umene umauza membala malire ake, lipoti la komiti ya ngongole, mwinanso requirement ya ma guarantor imene inalembedwa poganizira katatu. Mndandanda umenewu ndi umene mumapita nawo kwa kasitomala ponena mtengo ndi nthawi, m'malo mongoti ndi kusintha nambala imodzi basi kenako n'kugona mu ofesi sabata yonse. Chilichonse cholumikizidwa chiikidwe chizindikiro choti n'chokayikitsa mpaka munthu atachiona ndi maso n'kuchimasula. Ma tool akuluakulu monga IBM DOORS, Jama Connect ndi Polarion ya Siemens amachita zimenezi okha, amati suspect links, mu Excel mungopaka mzere chikasu. Ndipo gwero lisinthidwenso, pano likhale AGM ya chaka chakuti, mawu akale asafufutidwe, akhale mu mbiri.

Za ma tool sinditaya nthawi. Ngati mukupanga za magalimoto pansi pa ISO 26262, zipangizo za chipatala pansi pa IEC 62304 kapena za ndege, mulibe kothawira, oyendera adzafuna umboni wa kulumikizana konseku ndipo tool yeniyeni ikufunika, komanso mudzakumana ndi ReqIF, fomati yotumizirana ma requirement pakati pa makampani. Enafe malayisensi amenewo ndi a madola, ndipo forex mukuidziwa mmene ilili. Mafayilo a Markdown kapena YAML mu repo momwe mumasunga khodi, requirement iliyonse ndi nambala yake, amagwira ntchito ndipo ubwino wake kusintha kulikonse kumadutsa pull request, poti anzanu aone kaye, ngati khodi. Doorstop ndi StrictDoc ndi zaulere zopangidwira zimenezi.

Ngati pulojekiti yanu ili kale pakati ndipo palibe chilichonse mwa izi, musayese kubwerera kukalumikiza zonse, mutopa mwezi usanathe n'kuzisiya. Sankhani zimene zikalakwika wina ataya ndalama kapena mupalamula mlandu, kuwerengera chiwongola dzanja, malire a ngongole, amene ali ndi mphamvu yovomereza, zinsinsi za mamembala. Zipatseni manambala sabata ino, pitani kwa anthu amene adakalipo mukawafunse zifukwa, mulembe ndi tsiku limene mwafunsa. Zotsalazo muzizilumikiza mukamazikhudza, aliyense wotsegula fayilo yakale kuti akonze kanthu asiye nambala pa commit yake ndi mzere umodzi watsopano mu tebulo.